Dzanja la a Tsekakaye

Dzino langa lakutsogolo logamphukali anandigamphula ndi ababa anga, ndi sipanala. Musawanene, chonde. Woyenera kuwanena ndine ndekha, ndipo ndinawanena kale mokwanira.

Ababa anali pulambala zaka makumi anayi. Anthu ankawatchula kuti a Tsekakaye, chifukwa akafika pakhomo pa munthu sankayamba ndi moni. Ankalunjika pamita ya madzi, n'kugwada, n'kutseka, kenako ndiye adzuke, avule chipewa, apereke moni. Ankati madzi sadikira kuti anthu amalize kufunsana za ana. Anali munthu wofatsa moti ngakhale galu ankamuthamangitsa mopepesa. Ine ndinakula wamwano, koma mbama yawo sindinailawepo.

Amayi atamwalira ndinawatenga ababa kuti azikhala kwathu. Kuiwala kunayamba pang'onopang'ono. Tinkapeza nsapato mufiriji n'kumaseka. Kenako anayamba kunditchula kuti "mayi", ngati kasitomala, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Tsiku lina masana ndikuchokera kusaluni kwanga ndinapeza madzi ali thoo m'khonde. Ababa anali atamasula thanki ya kuchimbudzi, zitsulo zili mbwee pansi. Mtima unandipsa. Ndinatsomphola chikwama chawo cha zida, ndikukalipa ngati ndikukalipira mwana. Iwo anakuwa kuti, "Wakuba!" Ndinangomva phwaa pakamwa, n'kupezeka ndili chagada m'madzi, magazi akutsikira m'khosi. Anakwezanso sipanala kachiwiri, ine n'kutchinga ndi mkono. Kenako anaima, n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Kalanga ine! Wakuvulazani chonchi ndani, mayi?"

Kuchipatala anandisoka mlomo, n'kutitumiza kwa dokotala wa za ubongo. Anawafunsa ababa tsiku, mwezi, dzina la mwana wawo. Zonse analephera, ine ndili pomwepo. Atawajambula m'mutu, dokotala anatiitananso.

"Si mwano, si nkhanza, ndipo palibe wawalodza," anatero. "Muubongo mwa tonsefe muli mapuloteni amene amagwira ntchito yawo, akatha n'kuchotsedwa. Mwa anthu ena, ena mwa mapuloteniwa amapindika molakwika n'kuyamba kumatirirana. Ena amaundana pakati pa maselo, ena amapotana m'kati mwa maselowo. Uthenga umalephera kudutsa, maselo n'kumafa. Zizindikiro za bambo anu zikuloza kumeneko."

Ababa anadzutsa mutu. "Ndiye kuti paipi yatsekeka imeneyo. Dulani, muike ina."

"Imeneyi sitingadule, bambo," anayankha dokotala. Atatembenukira kwa ine anati, "Matendawa amayamba kudya za posachedwa, kenako mayina ndi nkhope. Zimene manja anazolowera zimachedwa kupita. Muwasungire zimenezo, chifukwa ndi zimene zawatsalira."

Mawu amenewo ndinawagwira zolimba. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, ndinkagwada pansi pa sinki ya kukhitchini, n'kumasula nati imodzi pang'ono, n'kutchera ndowa. Kenako ndinkagogoda kuchipinda kwawo.

"Odi, a Tsekakaye! Kwathu kukudontha."

Mukanawaona! Ankatuluka atapisira malaya, chikwama kukhwapa, ulendo wa kumita. Akatseka, moni. Kenako ankagona chagada pansi pa sinki, kumasula, kupukuta, kukulunga tepi yoyera ija mosamala, kwinaku akunyoza pulambala amene anagwirapo dzulo. Ntchito ya mphindi zisanu ankaigwira mpaka masana, akamaliza n'kugona tulo tabwino. Miyezi isanu ndi itatu inatha osamenya munthu. Dzina langa sankalidziwa, koma pansi pa sinki paja ndinkawapeza ababa anga enieni.

Amuna anga ndi dalaivala, munthu wabwino ndithu, koma zimenezi zinkawanyansa. Ankati kabati ya pansi pa sinki ikuola, komanso kunamiza munthu wamkulu tsiku ndi tsiku n'tchimo. Loweruka lina ndinalawirira kukakonza tsitsi la mkwatibwi, ndipo ndinawapempha kuti amasule natiyo. Anavomera ndi pakamwa pokha. Ababa atadzuka anapeza nyumba yonse ili gwa, popanda podontha. Anatenga chikwama, n'kutuluka pageti kukafuna ntchito.

Misewu itatu kuchokera kwathu, mpopi wapanja wa nyumba ina unali ukutaya madzi. Masiku amenewo akuba ankazula mamita m'deralo, ndipo anthu anali atatopa nazo. Ababa analowa, osapereka moni monga mwa nthawi zonse, n'kugwada pamita, sipanala ili m'manja.

Foni inandipeza ndili ndi chipeso m'manja. Ndinathamanga, nsapato imodzi n'kutsala m'ngalande. Phokoso ndinalimvera patali. Nditafika ndinapeza anthu apanga bwalo, azibambo a ndevu zawo, azimayi ana ali kumsana. Ababa anali pansi, malaya atang'ambika, khutu likuchucha magazi. Wina ankawaponda m'nthiti. Sipanala anali ataigwirabe, ndiye chimunthu china chinawapanikiza dzanja pachivundikiro cha simenti n'kumalisinja ndi njerwa kuti aisiye. Kamodzi, kawiri, katatu. Ndinamva mafupa akuphwanyika. Kumbali wina ankagubuduza teyala, wina akufunsa amene ali ndi machesi.

Chimunthucho ndinachiluma pamkono ndi dzino langa logamphukali mpaka ndinalawa magazi. Chinandimenya chibakera pachipumi, ine n'kugwera pa ababa, n'kuwakumbatira. Nsapato zinagwera pamsana panga.

"Afiti inu!" ndinakuwa. "Awa ndi a Tsekakaye! Madzi mumamwa m'nyumba zanuzi anakulumikizirani ndani? Tiotcheni tonse awiri!"

Mwini nyumbayo, mayi wachikulire, anakankha anthu n'kuwerama. Atawaona kumaso anagwira pakamwa. "Mayo ine! Awa ndi amene anandiikira mapaipi nyumba ino ikumangidwa."

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ngati amangodutsa. Teyala linatsala litatsamira mpanda. Mpopi uja unali utasiya kutaya madzi. Ababa anatsegula diso limodzi, n'kuyang'ana mwini nyumbayo, n'kuyesa kufikira chipewa chimene panalibe.

"Ndatseka," anatero. "Tsopano moni, mayi."

Anakhala m'chipatala milungu itatu. Amuna anga ankawasambitsa okha, akulira, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire bwinobwino. Chikhakha cha padzanja atachotsa, zala zinatuluka zopindika, zouma, zosatheka kufumbata. Dokotala anati mafupa anaphwanyika malo ambiri. Chimene matenda anali asanafikeko, anthu anachimaliza ndi njerwa m'mphindi zochepa. Ndimadana nawo anthu amenewo, ndipo ena ndimakumana nawo pamsewu, amandipatsa moni.

Nati ija ndimamasulabe. Masiku oyamba ababa ankafika pamita, dzanja n'kumaterereka, ndiye ankakuwa n'kumamenyetsa mutu kukhoma mpaka tiwagwire awiri. Kenako anasiya kupitako. Dzulo ndinagogoda monga kale, ndinawatsogolera kukhitchini, n'kuwaikira sipanala m'dzanja. Inagwa pansi. Madzi ankadontha m'ndowa, iwo ali chiimire, akuyang'ana pansipo nthawi yaitali.

"Mayi," anandifunsa mwaulemu, "kachitsulo aka n'kantchito yanji?"