Oilo wa m'giyabokosi ndi ng'ombe za alamu anga

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana anayi ndi pikapu yakale yoyera, imene inkatinyamulira chimanga ndi soya kupita ku Malomo. Mulungu ndi wabwino, chifukwa malemuwo anali ataphunzitsa mwana wathu woyamba, wamkazi, kuyendetsa. Pakhomo pathu tinkadya chifukwa cha galimotoyo.

Patapita miyezi itatu alamu anga, mng'ono wa malemuwo, anabwera kuchokera ku Nachisaka, ati kudzationa. Anagona masiku awiri. M'mawa wa tsiku lachiwiri mwana wanga analiza galimoto, koma asanafike ndi kumsewu komwe inayamba kulira ngati chigayo chopanda chimanga, magiya osalowa. Anabwerera nayo pang'onopang'ono.

Alamu anatsegula boneti n'kusolola kawaya koyezera oilo.

"Mwaona alamu? Oilo ali tho! Ndiye kuti giyabokosi yafa basi. Loweruka ndibwera ndi ng'ombe ndidzaikoke. Zitsulo za achimwene zisachite dzimbiri pakhomo pa azimayi."

Ine ndinathokoza, mpaka kuwapatsira mtedza wodya panjira.

Lachitatu ndikusesa kuseri kwa chigafa, kumene galimotoyo imagona, ndinaona dothi lofukulidwa kumene, lophimbidwa ndi mapesi. Nditapalasa ndi phazi, fungo linandiuza zonse. Oilo wa m'giyabokosi amanunkha ngati mazira owola, ndipo ine amene ndinkachapa ovolosi ya amuna anga zaka zonsezo sindingamusokoneze ndi wa mu injini. Ndinagona chagada n'kulowa pansi pa galimoto. Bawuti ya pansi pa giyabokosi inali mbee, mano a sipanala akuoneka. Munthu anachita kukhetsa oiloyo dala.

Ndinagwada pomwepo. Pemphero lake silinali lokoma, ndivomere. Ndinati, "Ambuye, lero mundipatse mphamvu. Za kukhululuka ndidzabwera nazo Lamulungu."

Chimene alamu sankadziwa n'chakuti achimwene awo akamathira oiloyu, wogwira botolo ndinali ine. Kawaya kaja ndi ka injini. Giyabokosi ilibe kawaya, ili ndi bawuti ina m'mbali, chapamwamba, ndipo choyezera chake ndi chala.

Lachinayi mwana wanga anakwera minibasi kukagula oilo wa m'giyabokosi ku Malomo. Tinakankhira galimoto pamalo osasendama ngakhale pang'ono, chifukwa kwathu kuno ndi zitunda ndipo ikapendekeka chala chimanama. Tinaika miyala kumatayala. Bawuti ya m'mbaliyo inakana. Ndinaveka paipi ya mpope wakale pa sipanala kuti italike, n'kuponda ndi chidendene ndili chigonere. Inalira kuti kwee, n'kumasuka. Ndinapisa chala: gwa, kouma.

Malowo ndi opanikiza, botolo silingaime. Tinalowetsa kapaipi ka pulasitiki pabowopo, mwana wanga atanyamula botolo m'mwamba pambali pa tayala, ine pansi nditagwira kapaipiko. Oiloyo ndi wolemera ngati uchi, amayenda mwaulesi. Khosi linandiuma, oilo wina anandidonthera m'khutu.

"Amayi, tulukani ndilowe ine."

"Iwe finya botolo. Nkhondo iyi ndi yanga."

Oilo atayamba kubwerera pabowo ndinadziwa kuti wakwana. Ndinamanga bawuti zonse ziwiri. Mwana wanga anaiyesa mpaka kudambo n'kubwerera, magiya akulowa ngati kale. Ndinalira, ndikuthokoza kuti tsiku lija sanapite nayo patali.

Alamu sindinawatumizire uthenga. Ndinafuna ayende mtunda wonsewo ndi ng'ombe zawo. Ndinaitananso amayi a kutchalitchi kuti Loweruka tidzapemphere kwathu, ndipo Mulungu akudziwa kuti sikunali kupemphera kokha.

Loweruka alamu anafika dzuwa lili pamutu, thukuta kamukamu, ng'ombe ziwiri ndi tcheni. Amayi aja anali atakhala pakhonde. Alamuwo ndinawalandira bwinobwino, n'kuwapatsa mpando ndi madzi. Kenako ndinabweretsa beseni la dothi lakuda lija, n'kuika pamapazi awo.

"Alamu, munaiwala katundu wanu kuseri kwa chigafa. Tanunkhizani."

"Ndi chiyani chimenechi?"

"Ndi zimene munakhetsa. Zitsulo za achimwene anu zikanafadi."

Mayi wina wachikulire anaweramira beseni n'kugwira mphuno. "Iii, abambo, mpaka kukhetsera wamasiye oilo?"

Pomwepo mwana wanga analiza galimoto. Anazungulira bwalo akusintha magiya, wani, thu, fili, n'kudzaima pafupi ndi ng'ombe zija, mpaka imodzi inadzidzimuka.

Alamu anaimirira, madzi osamwa. Ndinawaperekeza mpaka pa mpanda.

"Beseni mudzabweze," ndinatero, ndikuwasenzetsa.

Analisiya pansi n'kumapita, tcheni chikukwekwereza m'fumbi. Za galimoto sanazitchulenso mpaka lero.

Lamulungu ndinapitadi kukapempha mtima wokhululuka. Ndimapemphabe. Koma dothi lija ndinalithira m'chitini, lili pa alumali m'chigafa, ndipo pikapu ikamakwera chitunda cha ku Bowe itasenza matumba, ndimaimba nyimbo yoyamika mokweza kwambiri.