Chiboolero cha Eni Ake

Ine sindinama. Akazi anga amati nkhani ndimaithira mchere wambiri, koma izi zinachitika ndendende, ndipo mboni zilipo, kungoti zonse zili mbali ya adani anga.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku Glasgow kuli mnzanga wina wa ku Poland, munthu wouma pakamwa. Chaka choyamba chonse anandiyankhula mawu asanu ndi anayi, ndinkawerenga. Koma ankandikhulupirira. Kiyi wachiwiri wa nyumba yake ankasunga ndine, ndipo mumzinda wonse uno panalibe wina amene anapatsidwa ulemu umenewo.

Mayi ake atadwala, anaganiza zopita kwawo kukadwazika. Asananyamuke anafika kwathu ku Springburn atasenza chitsulo chotalika kundifika m'khosi, chopotana ngati nyanga ya ngoma, chokhala ndi chogwirira chopukusa.

"Ichi n'cha malemu bambo anga," anatero m'Chingelezi chake chodukaduka. "Kwathu nyanja ikaundana timayenda pamwamba pake. Timaboola ayezi ndi ichi, n'kuponya mbedza pabowopo."

Ndinamufunsa chimene anachitengera kuno, poti ayezi wa kuno sanganyamule ngakhale nkhuku yodwala. Anati ena amayenda ndi zithunzi za abambo awo, iye amayenda ndi chimenechi. M'nyumba mwake sakanachisiya, chifukwa nyumba yopanda munthu imachita chinyezi. Kenako anayamba malamulo. Kunsonga kwake kuli timipeni tiwiri. Timeneto tisakhudze kanthu kena kupatula ayezi: dothi ayi, mchenga ayi, simenti ayi. Chivindikiro chake chisachoke. Mwezi uliwonse ndizichipukuta ndi nsalu youma n'kupaka oyilo pang'ono. Ndisachiimike pansi, ndichipachike. Ndipo ndisayerekeze kunola, chifukwa timipenito tili ndi kapendekedwe kake, ukangotikhudza ndi mwala, kwatha. Tsiku limenelo anamaliza mawu ake a zaka zitatu.

Ndinachisamala chitsulocho, anthu inu. Dziwani kuti mu Glasgow chitsulo chimachita dzimbiri uli chiyang'anire. Ndinaonapo supuni ikufiira ili m'kamwa mwa munthu, zoonadi. Ndinatulutsa majasi a akazi anga m'kabati, n'kukhomamo msomali, n'kuchipachika mwaulemu. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndinkayala nyuzipepala pansi, n'kuchitsitsa ngati khanda.

"Inu," ankatero akazi anga, "chaka chino mwasisita chitsulocho kuposa dzanja langa."

"Inu simuchita dzimbiri, mayi."

"Dikirani muone."

Chisanu chonse chinatha popanda ngakhale kadontho ka dzimbiri. Chinkawala moti ndinkametera ndevu pomwepo.

Tsono kumpingo kwathu kuli bambo ena, mkulu wampingo, amene ali ndi kadimba kobwereka kukhonsolo. Tsiku lina kutayamba kufunda anabwera kudzationa, ine ndili kuntchito. Pofuna kupachika jasi lawo anatsekula kabati ija. Ife Amalawi mukutidziwa: chida chimene chili m'nyumba ya mnzako ndi chako, bola wachiona. Ndipo mkulu wampingo akati "ndibwerekeko," mayi woleredwa bwino sayankha kuti ayi. Amafunsa ngati akukulungireni.

Nditaweruka ndinapeza msomali wokha.

"Chili kuti?" ndinafunsa akazi anga.

"Abwereka a mkulu wampingo. Ati akakumbire maenje a mitengo ya nyemba."

"Maenje? M'dothi?"

"Nanga nyemba amadzala m'madzi?"

"Simunawauze kuti n'cha eni ake?"

"Ndinawauza. Ati eni akewo Mulungu awadalitse."

Ndinathamanga mpaka kupitirira mabasi awiri. Madalaivala ake akadali moyo, mukhoza kuwafunsa. Ndinawapeza bambowo atavula jekete, thukuta kamukamu, nkhope ili mwee. Kumbuyo kwawo kunali mizere ya maenje, ozungulira bwino ngati odinda ndi kapu. Dothi lake la miyala yokhayokha, ndi zidutswa za njerwa.

"Achimwene!" anafuula. "Khasu n'kutaya nthawi! Ichi ndiye chida. Kungoti chinabuntha msanga. Koma musadandaule, ndakunolerani."

Anandilozera njerwa imene ananolerapo. Ananola ngati chikwanje, mbali zonse ziwiri, ndi mtima wonse. Chivindikiro chija anali ataikamo mbewu za maungu.

M'kamwa mwanga munadzaza mawu amene sauzidwa munthu wogawa mgonero. Ndinawameza onse, mpaka lero akadali m'mimbamu. Ndipo mukudziwa chimene chinatuluka? Ndinati, "Zikomo, bambo." Ndinathokoza! Ndinapindanso bondo pang'ono polandira. Chimenechi n'chimene chimandiwawa koposa: anandiphera chinthu cha eni ake, ine n'kuwomba m'manja.

Kunyumba ndinachitsuka, n'kuchiumitsa, n'kuchipaka oyilo ngati kusambitsa maliro. Ndinaundanitsa madzi m'beseni mufiriji kuti ndichiyese. Chinkangotsetsereka pamwamba, ayezi osakandika n'komwe. Ndinapukusa mpaka ayeziyo anasungunuka yekha chifukwa chondimvera chisoni.

Mnzanga uja anabwerera patapita miyezi ingapo, mayi ake atachira. Akazi anga anati ndingonena kuti ndi dzimbiri, koma dzimbiri lake liti, poti ndinalithamangitsa ndekha? Ndinamuuza zonse. Anachotsa chivindikiro, n'kuyendetsa chala pa timipeni tija, uku ndi uku, nthawi yaitali. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Ndionetse malowo," anatero.

Tinakwera basi, chitsulocho tili nacho. Kudimba kuja nyemba zinali zitayanga mitengo yonse, nkhwani uli biriwiri. A mkulu wampingo anamulandira ndi manja awiri, kumupatsa mpando, kumudzazira thumba la nyemba, n'kumuuza kuti malemu bambo ake anali munthu wanzeru kwabasi posankha chida chotere. Za kupepesa panalibe, poti iwo sankaona cholakwa. Mnzangayo anayenda mzere ndi mzere, akugwedeza mtengo uliwonse. Palibe unasuntha. Ndiye anaseka. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ali ndi mano.

Anati chitsulocho ayezi sichidzaboolanso, ndiye chikhale kumene chikugwira ntchito. Anachipereka kwa a mkulu wampingo, m'manja, ine ndikuona. Ndinapuma, ndikuti nkhani yatha bwino.

Pobwerera, m'basi, anatambasula dzanja.

"Kiyi."

Ndinati n'chifukwa chiyani, poti wokumba maenje si ine, wonola pa njerwa si ine.

"Bambo aja malamulo sankawadziwa," anatero. "Iwe unkawadziwa. Ukanakiya kabati."

Ndinachotsa kiyiyo, ndi kachingwe kake kofiira, pa mulu wa makiyi anga, chikhadabo n'kuthyokera pomwepo.

Lero chiboolerocho chimagona panja, chotsamira kashedi ka kudimba, mvula yonse ya Glasgow ili pamutu pake. Chafiira moti mbalame zimachilambalala. Mnzanga uja amapitako Loweruka kukathandiza kupalira, ndipo amangochidutsa. Kuntchito wabwerera ku mawu ake asanu ndi anayi. Lamulungu lapitali, a mkulu wampingo akutsekula chitseko cha holo ya kumpingo, ndinaona pa makiyi awo kiyi wina amene ndimamudziwa bwino, wa kachingwe kofiira. Kachingweko ndinamanga ndine.