Azana ya a Kalimu

Ku Chilobwe kuno a Kalimu amadziwika ngakhale kwa anthu amene sanawaonepo nkhope, chifukwa amayamba kufika ndi mawu awo. Ayendetsa lole ya fakitale ina ku Makata zaka makumi awiri, ndipo anazolowera kulankhula molimbana ndi injini. Akamanong'onezana ndi akazi awo, mayi Amida, timayankha ndife oyandikana nawo.

Komabe kunong'ona kumodzi ankakunyadira. Kwa anzathu Achisilamu, mwana akabadwa wamkulu amamunong'oneza azana kukhutu, mawu oitanira anthu ku mapemphero aja. Ana awo anayi onse anawachitira okha. Ndiye mwana wawo Tasnim atakhala woyembekezera, mwamuna wake ali ku Joni, a Kalimu analengeza msika wonse kuti khutu la mdzukulu woyambayo ndi lawo.

Mu Julaye 2021 anaweruka akutsokomola, fungo la dizilo osalimva. Atakayezetsa anawapeza ndi korona. Sanapondenso m'nyumba yaikulu. Ananyamula mkeka ndi bulangete n'kukadzitsekera m'kachipinda ka kuseri kosungiramo matayala. Chakudya ankawasiyira pampando panja. Wobwera kudzazonda ankabwezedwa ali pageti: "Ndakuonani, bwererani!" Ena anakhumudwa nazo, amvekere matendawa awapatsa matama.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Tasnim anatuluka m'chipatala ndi mwana wamwamuna wobadwa masiku asanakwane, kamwana kochepetsetsa, kongokwana m'manja awiri. Mayi Amida anakaima naye pabwalo atamufunditsa nsalu zitatu.

"Bambo a Tasnim, thupitu lasiya kutentha lija. Valani masiki mutuluke, n'kamphindi chabe."

Ine ndinali kumpanda. Chitseko chinatseguka pang'ono, zala zawo zikuoneka m'mphepete. Ndinawamvera chisoni, munthu wadikira miyezi yonseyi. Kenako chitseko chija chinatsekekanso.

"Iyayi, mayi. Mpweya wangawu usamuyandikire. Bwererani naye pakhonde uko, mulozetse khutu lakumanja kuno."

Atafika naye pakhonde, kutsidya kwa bwalo, a Kalimu anatsegula windo n'kuyamba azana ndi mawu awo onse a mu lole. Chifuwa chinawadula kawiri, kawiri konse anayambiranso. Nkhuku zanga zinabalalika. Mkulu wina wogulitsa makala anathamangira madzi osamba, kuyesa nthawi ya mapemphero yamupitirira. Ndipo kamwana kaja, kamene sikanamveke chifikire, kanalira mokweza. Tasnim ankaseka uku misozi ili mbwembwembwe.

Pakhomopo sipanadwalenso wina. Masiku awo atakwana, a Kalimu anatuluka ataonda, anasamba, n'kumunyamula mdzukulu wawo koyamba, osatulutsa liwu ngakhale limodzi.

Mwanayo ndi Shafik, pano ali ku nasale. Akamaitana agogo ake, timayankha ndife.