Bungwe lovula nsapato

Nthambi ya bungwe la mainjiniya ya chigawo chathu chino masiku ano imakumana m'mahotela ku Zomba, koma inabadwira pakhonde panga. Chinali chaka china nyanja ya Chilwa itaphwa, anthu akuyenda pansi pamene pankadutsa mabwato. Kunabwera amuna angapo odzakumba zitsime ndi kukonza ngalande za mpunga, ndipo malemu amuna anga anawapatsa nyumba ya kuseri. Ine ndinkawaphikira. Poti ena anali Asilamu ena Akhristu, nkhuku ankatizingira achimwene achisilamu a nyumba yoyandikana nafe, kuti aliyense adye mosakayika.

Koma anthu aja kukangana! Mpunga unkazizira m'mbale iwo akujambula pansi ndi zala. Mkangano ukakula, wina wamtali, wachibwibwi, ankangoimirira n'kuti, "Ti-tiyeni tikaone." Basi onse kuvula nsapato, kupinda mabuluku, ulendo wa kumatope. Pakhonde pomwepo anapangana zomakumana chaka ndi chaka. Kenaka anachuluka, khonde linachepa, anasamukira kutauni.

Mdzukulu wanga wamkazi anadzaphunzira ntchito yomweyo, n'kulowa bungwe lomwelo. Chaka china madzi atasefukira, anamutuma kudzaona mlatho wa pa kamtsinje ka kwathu, podutsa mpunga wopita kumsika ndi nsomba zochokera ku Kachulu. Analowa kunsi kwake, ndipo atatuluka anaika mipiringidzo: galimoto ndi ngolo zisadutse. Nyengo yokolola imeneyo!

Kumjigo sindinkatungako bwino madzi, amayi anzanga ankangondinena.

"Anganga, mpunga wathu tiumeretse mapiko?"

"Pamwamba palibe ndi mng'alu womwe. Kamtsikana kakungofuna tione chipewa chake cholimbacho."

Bambo wina wogula mpunga, mwini lole, anakadandaula kunthambi kuja kuti mwanayu ntchito saidziwa. Ndinamva kuti akamupeza wolakwa amulanda chiphaso chake, sukulu yonse ija n'kupita m'madzi.

"Iwe, watsimikiza?" ndinamufunsa mdzukulu wangayo.

"Anganga, madzi adya kunsi kwa mzati. Ndagwirako ndi dzanja langa."

"Dzanja lomwe lija linkakanika kupeta mpunga?"

Anaseka, koma chakudya anangochitosatosa n'kuchisiya.

Tsiku la mlandu mudzi wonse unali pamlatho. Galimoto ya a kunthambi itaima munatuluka anyamata a mataye, nsapato zowala, ndi mayi wina amene anati ndiye wapampando. Ndinati awa ndi a m'mahotela, aweruza ataima pamwamba. Pomalizira munatuluka nkhalamba yaitali, yowerama, ili ndi ndodo. Ndinaizindikira itayankhula.

"Ma-mayi, mukadalipo?"

"Ndingafe bwanji inu musanabweze mbale yanga munatenga kale ija?"

Mwini lole uja anali atayamba kale kudumphadumpha pamlatho. "Onanitu akuluakulu! Ukugwedera pati? Pati?" Anthu anaombera m'manja. Mdzukulu wanga anangoloza kunsi kwa mlatho.

Nkhalamba ija inayang'ana wapampando. "Ti-tiyeni tikaone."

Ndinkayesa mwambo uja unatsala pakhonde panga. Ayi ndithu. Anyamata aja anavula nsapato zawo zowalazo, mayi uja anabwereka chitenje changa n'kumanga m'chiuno, onse n'kutsetserekera m'madzi. Nkhalamba miyendo sinailole kutsika, komabe inavula nsapato n'kukhala m'mphepete. Wapampando anakodola mwini lole.

"Bambo, odandaula ndinu. Bwerani."

Anatsika akunyinyirika. Anamuuza kuti apise dzanja kunsi kwa mzati. Dzanja linalowa mpaka m'phewa. Anamupatsa nsungwi, ndipo nsungwiyo inalowa yonse n'kutulukira mbali inayo. Mzati unali lende, wongogwira ndi m'mbali. Bambo uja anatuluka m'madzi osayang'ana munthu, n'kukuwira dalaivala wake kuti, "Iwe, tembenuza loleyo!"

Wapampando, chitenje chikudontha, anati, "Mwanayu wagwira ntchito yake. Mlatho ukhala wotseka mpaka ukonzedwe."

Ine ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo.

Mpunga chaka chimenecho unaoloka pamitu ndi panjinga, ndipo ena anang'ung'udzabe mpaka mzati watsopano utauma. Koma tsiku lija alendo anadzadya pakhonde panga, mapazi ali matope okhaokha. Nkhuku anazinga mwana wa achimwene aja, poti bambo akewo anatisiya. Ine sindinadye. Ndinkangoonerera mdzukulu wanga akukokota mphika ngati munthu wochokera kumunda.