Mipeni ya Opichira Ndudu ku Cabaiguán

Eulogio Barrientos analibe luso la m'manja. Ndudu imene anayesapo kupichira ali mnyamata inatuluka yokhota ngati mwendo wa galu, moti mwini wakeyo anakana kuisuta. Koma Mulungu samana zonse: anamupatsa mawu. Ndiye pafakitale ya fodya ya ku Cabaiguán anamukweza pampando wautali wa wowerengera antchito, kuti manja azipichira, makutu ali kwa iye. Nkhani ikawakomera, antchito sankawomba m'manja, ankagogoda matebulo ndi mipeni yodulira masamba. Eulogio analibe mkazi, analibe ngakhale mphaka. Chimene ankadzukira m'mawa chinali phokoso la mipeniyo basi.

Tsoka lake, mabuku ovomerezedwa ndi chipani sankaliza mipeni. Munthu wa m'buku akatha mutu wonse akukonza thirakitala, Mayi Migdalia, amene anayamba kupichira pa boma lakale, ankati, "Iwe Eulogio, talumphira poti akupsompsonana." Poti akupsompsonanapo n'kuti palibe.

Masana ena a m'ma 1980, akuwerenga buku lothothoka chikuto la Arasha opita kumwezi, anaona anthu akusinza. Maso anakhala pabuku, pakamwa panayamba kuyenda pokha. Anawafikitsa Arasha aja ku pulaneti yotchedwa Vorka, kumene kunkalamulira Makina Aakulu. Makinawo ankalankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osamwa madzi. Ankalengeza kuti mazira achuluka kuposa chaka chatha, ndipo anthu ankaima pamzere osadziwa chimene chikugulitsidwa kutsogoloko. Wodandaula njala ankamutenga kukamukonza mutu, n'kubwerako atakhuta.

Mipeni inalira mpaka fumbi la fodya kuuluka. Palibe anafunsa kuti Vorka ili kuti, poti aliyense anali atachokera komweko m'mawa umenewo.

Zinayenda choncho miyezi ingapo, Eulogio n'kuyamba kuyenda monyada. Koma mwa ogogoda aja, wina ankagogoda ndi dzanja limodzi, linalo likuloza ku ofesi ya chipani. Lolemba lina kunabwera Bambo Rigoberto Landa ochokera kuchigawo, malaya osita bwino, n'kukhala pafupi ndi khomo.

Eulogio anayamba kuwerenga zenizeni za m'bukumo.

"Ayi, achimwene," anatero Bambo Landa mwaulemu. "Pitirizani pomwe munalekezera. Za mazira zija."

Akanatani? Anasimba mmene Makina anaperekera mendulo kwa nkhuku chifukwa cha dzira limene palibe analiona. Anaima pang'ono kudikira mipeni. Kunali zii. Mitu yonse inali pansi, manja akupichira.

Munthu wanzeru akanazindikira. Koma Eulogio zinamuwawa kuposa mantha, ndipo anathiramo tsabola. Anati nkhukuyo inathawa pachikepe usiku. Zii. Anati Makina analengeza kuti sinathawe, inali kazitape wa abakha kuyambira kale. Wina kumbuyo anatsamwa ndi phwete, n'kulisandutsa chifuwa. Mayi Migdalia anaona kuti chitsiruchi chidzipachika chokha, ndiye anayasamula mpaka chibwano kulira.

"Watitopetsa, mwana iwe. Za Arashazi ife sitizimva. Tiwerengere za kukolola nzimbe."

Bambo Landa anaimirira akupukuta magalasi. "Anandiuza kuti mukunyoza boma. Akunamizirani, achimwene. Inu si mdani, ndinu wotopetsa chabe. Koma wowerenga wogonetsa anthu amabweza ntchito m'mbuyo."

Sabata yomweyo anamutsitsa pampando, n'kumutumiza kukasenza mitolo ya masamba.

Atakumana ndi Mayi Migdalia pampopi, sanawathokoze n'komwe. "Mayi, bola mukanasekako pang'ono. Za bakha zija zinali zabwino."

"Zinali zabwino, inde. Ndinadziluma lilime mpaka magazi. Umafuna ukawerengere nsikidzi kundende?"

Pampando paja anakhazikapo Wilfredo, mphwake wa mkulu wina wa chipani, wa mawu ngati chitseko cha dzimbiri. Masana ake oyamba, akuwerenga za nzimbe zimene chigawo chadula, Eulogio analowa atasenza mtolo paphewa, maso pansi, manyazi atamugwira. Mayi Migdalia atamuona anagogoda kamodzi. Woyandikana nawo anatsatira. Kenako chipinda chonse chinachita ngati matalala padenga la malata.

Wilfredo anamwetulira, nawerenganso za nzimbe zija kachiwiri.

Kuyambira pamenepo zinkachitika masana alionse, moti chaka chisanathe Wilfredo analandira mendulo ya wowerenga wokondedwa kwambiri m'chigawo chonse. Anamuveka ndi Bambo Landa omwe aja. Eulogio anasenza mitolo mpaka kupuma pantchito, msana utapindika. Akapitawo ankadandaula kuti m'bwalo amayenda ngati munthu wabwinobwino, koma akangolowa m'chipinda cha opichira, mtolo umayamba kumulemera, amadutsa pang'onopang'ono.