Kapepala ka Lachinayi

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, nditangogona pang'ono pakhonde la siwa. Ku Dambe kunazizira kwambiri m'mawa umenewo, ndipo nkhungu inaphimba minda ya tirigu. Amayi amene anachezera kuimba anali atasasa mawu. Ena anali akusonkha moto kuseri kwa nyumba, utsi wa nkhuni zaziwisi ukukwawa pansi.

Womwalirayo anali msuweni wanga Lemani, mwana wa azakhali anga. Tinkaphunzira pa koleji imodzi, iye chaka choyamba, ine chachitatu, ndipo azakhali anandipempha kuti ndizimuyang'anira. Anamupeza mumtsinje patangopita sabata imodzi chibwerere kumudzi kudzachita tchuthi. Anthu ankati anaterereka.

Dzuwa litakwera, khamu linayamba kufika. Ena anabwera pa njinga kuchokera ku Lisungwi, matope ali m'miyendo. Aphunzitsi a ku Neno Boma anakhala pa benchi, zipewa zili pamaondo. Ambiri ankandigwira dzanja, namandiyamikira kuti ndinamusunga bwino mbale wanga.

M'thumba la jekete langa munali kapepala. Miyezi iwiri m'mbuyomo, mlangizi wa ophunzira, mayi amene ankalandira aliyense wovutika maganizo, anandiitana. Anali ataona kuti Lemani sakudya, sakulowa m'kalasi, ndipo akungokhala yekha. Analemba kapepalako kopempha kuti ndipite ndi Lemani ku ofesi yawo Lachinayi. Koma masiku amenewo wophunzira wolowalowa m'maofesi ankamuyesa kazitape wa chipani, ndipo akafika pagulu anzake ankasiya kucheza. Ndinaliopa dzina limenelo. Ndinangomuuza Lemani kuti alimbe mtima ngati mwamuna, kapepalako n'kukasunga.

Masana kunayamba kuwaza mvula. Akuluakulu a mpingo anandisankha kuti ndiwerenge mbiri ya womwalira, poti ndine wophunzira. Ndinawerenga mosaphonya liwu, koma za Lachinayi lija sindinatchule. Kenaka tinatsetsereka ndi bokosi m'kanjira koterera, tikulandirana mapewa. Adzukulu atayamba kukwirira, bambo wina wachikulire anavula malaya ake apamwamba, naphimba azakhali kumutu.

Madzulo anthu anabalalika. M'nyumba munatsala azakhali, atakhala pamphasa pafupi ndi sutikesi ya mabuku imene Lemani sanaitsekule chibwerere.

"Kodi mwanawe," anandifunsa motsitsa mawu, "kusukulu kwanuko kunalibe amene anaona kuti mnzakoyu sali bwino?"

Ndinagwada, ndi kuwapatsira kapepala kaja ndi manja awiri. Anakayang'ana, nakabweza kwa ine.

"Ine sindiwerenga. Werenga iwe."

Ndinawerenga chiganizo chilichonse, kufikira pa tsiku ndi ola, ndipo ndinawauza kuti sindinamuperekeze chifukwa cha mantha anga. Sanandikalipire. Anatenga kapepalako, nakapinda bwinobwino, nakamanga pa nsonga ya chitenje chawo.

"Eti analipo wofuna kumuthandiza," anatero, osandiyang'ana.

Panja moto wonse unali utazima. Tinakhala choncho awiriwiri, madzi akudontha kuchokera padenga la udzu.