Tsiku limene Tadala anadzutsa maso

Loweruka lapitali ndinaperekeza mwana wanga Tadala, wa Fomu 2, ku Dzaleka kukayamba karate, luso lodzitetezera la ku Japan lija. Tinanyamuka nkhungu isanachoke m'mapiri, minibasi ikuyenda ngati ikusambira mumkaka.

Musaganize kuti ndimakonda ndewu. Mwezi watha bambo wina anamugwira Tadala mkono panjira ya kudambo akuchokera kusukulu. Anapulumuka chifukwa kunatulukira ngolo. Titamufunsa maonekedwe a munthuyo, Tadala anafotokoza nsapato: zofiirira, imodzi yomangidwa ndi chingwe chabuluu. Nanga nkhope?

"Sindinawayang'ane, abambo. Anali aakulu."

Kuchokera tsiku limenelo njira ya kusukulu akuiopa, ndipo mayeso ali pafupi.

Mphunzitsi wa karateyo ndi mayi Bahati, a ku Congo, aafupi, olankhula chapansipansi. M'holo yophunziriramo munali atsikana ovala zoyera, opanda nsapato, akusuntha limodzi pang'onopang'ono ngati akakowa m'dambo. Dzuwa linkalowera m'mabowo a malata, fumbi likuyandama m'kuwalako. Ndili pabenchi ndinaiwala kuti kunja kuli msika ndi njinga zakabaza. Zinali ngati ndikulota ndili maso.

Ine ndinkadikira zibakera, koma phunziro loyamba linali moni: kuima chilili, manja m'mbali, n'kuwerama pang'ono. Tadala, mwana woleredwa bwino, anagwada mpaka pansi, maso pasimenti. Kunena zoona, ndinanyadira.

"Dzuka, mwanawe," anatero mayi Bahati. "Werama, koma maso ako akhale pa ine. Ulemu wako ndaulandira. Khosi lako lokha usandipatse."

Anayesa. Maso ankafika pa lamba wakuda wa mphunzitsiyo n'kubwerera pansi. Anayesanso, anafika pachibwano. Ola lathunthu linatha osaponya chibakera n'chimodzi chomwe, mayi aja atangoima, osatopa. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamenepo manyazi anandigwira. Anamuphunzitsa kuzolika ndani? Ndine. "Ukundituzulira maso ngati ndine mnzako?" Mawu amenewa ndawanena kangati pakhomo panga? Inunso, owerenga, musanamizire kuti ndi achilendo kwa inu.

Sindikuti titaye ulemu. Mwana wogwada popereka madzi amandisangalatsabe. Koma taphunzitsa atsikana athu kuti aliyense wa ndevu ndi woyenera kumuweramira, ndipo sitinawauze kuti ena mwa andevuwo amabisala kudambo. Tawapatsa ulemu n'kuwalanda maso. Kenako tikudabwa kuti wolakwa sakudziwika.

Pobwerera nkhungu inali itatha. Mapiri a ku Ntchisi ankaoneka obiriwira chapatali, ndipo Tadala ankayang'ana pawindo.

Titafika kunyumba anandibweretsera madzi akumwa. Anagwada monga mwa masiku onse, koma popereka kapuyo anandiyang'ana m'maso. Kudzudzula kunafika pakamwa penipeni, ndinakumeza.

M'diso lake lamanzere muli kadontho kakuda pambali, kofanana ndendende ndi ka malemu mayi anga. Zaka khumi ndi zisanu tikukhala nyumba imodzi, ine osakadziwa. Ndinamwa madziwo misozi ikulengeza.

Lolemba wapita kusukulu pamodzi ndi anzake, mutu uli chilili. Loweruka tibwerera kwa mayi Bahati.

Nanga inu, maso a mwana wanu wamkazi munawaona liti komaliza?